Chitseko cha a Kalisto

Alamu anga a Kalisto anabwera kwathu ku Chongoni ndi sowo, hamala, ndi lonjezo loti akhala chaka chimodzi chokha. Nthawi imeneyo ine ndinali sitandade 3. Lero ndili ndi mwana kumbuyo, ndipo chaka chimodzi chija changotha kumene mwezi wathawu.

Kwawo ndi ku Mphunzi. Makolo awo ndi Angoni, ndipo kumeneko mwamuna akakwatira amatenga mkazi n'kupita naye kwawo. Koma pamene anakonda akulu anga a Agnesi, a Kalisto analibe ng'ombe ngakhale mchira wake. Anali mnyamata wokonza mabenchi a m'tchalitchi, a Agnesi ali m'kwaya, ndipo akuti benchi ya oimba inkathyoka Loweruka lililonse popanda wodziwa chifukwa. Ndiye ankhoswe anagwirizana kuti ayambe akhala chikamwini, kwathu kwa mkazi, mpaka zinthu zitayenda. Zinthuzo zinakana kuyenda.

Ntchito yawo yoyamba monga mkamwini inali kupangira amayi chitseko. Amayi anga ndi a Falesi, ogulitsa kachewere pamsewu pa Chimbiya, ndipo ngati munadutsapo pa minibasi munawamva ndithu, chifukwa iwo sadikira kuti mutsegule windo. A Kalisto anakagula matabwa a paini, anapala, anakhoma, n'kutulutsa chitseko cholemera ngati cha pasitolo. Mvula ikagwa chimatupa, ukamatsegula chimalira ngati kamwana ka mbuzi. Akanadziwa kuti adzakalamba akuyankhula ndi chitseko chimenecho, mwina akanachipaka utoto wokongola.

Kuno kwathu mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Sadyera pamodzi, sayankhulana pamaso. M'makomo ambiri zimenezi zimatha mwana woyamba akabadwa: mkamwini amapereka nkhuku, apongozi n'kunena kuti basi, tiziyankhulana. A Kalisto anaperekadi tambala pamene mwana wawo woyamba Bongani anabadwa. Amayi anadya, anati anali wolimba, nkhani inathera pomwepo. Bongani pano ali fomu 1.

Ndiye panafunika munthu wonyamula mawu, ndipo anasankha ine chifukwa ndine wamanyazi, sindiwonjezera. A Agnesi anayesapo, koma iwo akatumidwa mawu atatu amafika ndi khumi. Kachitidwe kake n'kotere: amayi amakhala m'nyumba, a Kalisto panja atayang'ana chitseko, ine pakati, phazi lina m'kati lina kunja.

"Mlamu, uwauze amayi kuti nkhumba zawo zadya kabichi wanga."

"Amayi, akuti nkhumba zadya kabichi."

"Uwauze abambo a Bongani kuti kabichi wodzalidwa pa nthaka yanga ndi wa nkhumba zanga."

"Alamu, akuti amva."

"Sananene zimenezo! Ndamva ndekha!"

"Iwe Sungeni, uwauze kuti ngati amva okha ndiye kuti mwambo alibe."

Kuwonjezera sindiwonjezera, koma kuchotsera ndimachotsera. Onse awiri amamvana bwinobwino, poti pakati pawo pali thabwa chabe, koma mawu amene sanadutse pakamwa panga amakhala ngati sananenedwe. Bambo anga a Alufeo salowerera. Iwo ntchito yawo ndi kugona pa mpando wandalema pansi pa mtengo wa mapichesi, chipewa kumaso. Amuna anga a Limbikani anaona zimenezi n'kupita ku Joni. Amapereka moni pa foni, ndipo amayi amati ameneyo ndiye mkamwini wabwino, poti sadya.

Chaka chino, m'nyengo ya Lenti, bambo a a Kalisto anamwalira ku Mphunzi. Anasiya dimba lalikulu m'mphepete mwa mtsinje, dothi lakuda loti kachewere amatuluka ngati zibakera. Achibale anawauza poyera pamaliro pomwepo: bwerani mudzakhale kuno mvula isanagwe, mukapanda kutero dimba lipita kwa msuweni wanu Vinsenti. Kwa munthu amene wakhala zaka zonsezi akulima munda woti ngakhale nkhumba zili ndi mphamvu pamenepo kumuposa, imeneyi sinali nkhani yaing'ono. Koma kuti atenge mkazi ndi ana kupita nawo kwawo, kumene timati chitengwa, pamafunika amayi avomere. Ankhoswe a mbali yathu ndi amalume, koma amalume amaopa amayi kuposa njoka. Anati, "Alongo angawo akalola, ine ndalola kale."

A Kalisto anayamba kuyesa. Akangoti, "Mlamu, uwauze amayi za ku Mphunzi zija," ine ndisanatembenuke n'komwe, amayi anyamula kale ndowa, ulendo wa kumjigo. Madzi anachuluka pakhomo pathu miyezi imeneyo, mpaka nkhumba zinkasamba. Poti mawu sanadutse mwa ine, amayi ankati palibe amene wawapempha kanthu.

Tsiku lina a Kalisto anawatsatira ku Chimbiya, poganiza kuti kumeneko kulibe mjigo wothawirako. Anaima kuseri kwa mulu wa matumba a kachewere atafulatira, n'kuyamba.

"Mlamu, uwauze amayi kuti mvula ikubwera ndipo..."

Amayi anaona minibasi ikuchepetsa liwiro. Ananyamula ndowa ya kachewere n'kuithamangira ngati mtsikana. M'minibasimo munali mnyamata wa ku Lilongwe wovala kabudula wa matumba ambiri. Anatsika, anagula ndowa yonse, koma maso ake anali pa bambo amene ankakalipira matumba.

"Madala awo akuyankhula ndi ndani?" anandifunsa.

Ndinayang'ana pansi. "Ndi amayi."

"Nanga bwanji akuyang'ana uko?"

"Ndi apongozi awo."

Anaseka mpaka minibasi inamusiya. Dzina lake ndi Godfrey, amajambula masewero a pa TV ina ya ku Lilongwe. Anati wakhala akulemba sewero la banja losamvana, koma osewera ake a m'tauni akamakangana amaoneka ngati akupempha mchere. Anafunsa ngati banja lathu lingathe kuyerekeza kukangana. Amayi anati tiyesetsa.

Loweruka lotsatira anabwera ndi anzake awiri, kamera, ndi chinthu chaubweya chomangidwa kunsonga kwa ndodo chotola mawu, chimene galu wathu anadana nacho kuyambira tsiku loyamba. Sewerolo analitcha Tikangane Bwino. Anatigawira mbali. Amayi akhala apongozi ovuta. A Agnesi akhala mkazi wolongolola. Bambo akhala mwamuna waulesi wongogona. Atawafotokozera, bambo anakweza chipewa pang'ono n'kufunsa kuti, "Ndiyambe liti?" Godfrey anati ayamba kale.

Vuto linabwera pa a Kalisto. Godfrey ankafuna kuti aime pamaso pa amayi, awaloze chala, awakalipire.

"Sizingatheke," anatero a Kalisto.

"Madala, ndi sewero chabe."

"Sewero ndi lanu. Apongozi ndi anga."

Anayesa kuwakankha pang'ono, koma a Kalisto atangoona nsonga ya chitenje cha amayi anatembenuka okha ngati tambala wa padenga la tchalitchi mphepo ikasintha, n'kukaima kuseri kwa chitseko. Kumeneko mawu anabwera bwinobwino. "Mlamu, uwauze amayi kuti ndiwo zawo za dzulo ngakhale galu anazinunkhiza n'kupita kukadya kwa aneba." Ine ndinaiwala za kamera. Ndinati, "Amayi, akuti zikomo chifukwa cha ndiwo." Mnyamata wogwira ndodo yaubweya anagwa pansi ndi phwete. Godfrey anapinda mapepala ake n'kuika m'thumba limodzi la kabudula, sanawatulutsenso.

Sewerolo limaonetsedwa Lamulungu masana. Ife timakaonera pa golosale ya a Magadalena pa Chimbiya, chifukwa ali ndi sola ndi dishi. Tsiku loyamba ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope nditaibisa pamutu pa mwana wanga Ufulu. Anthu anaseka mpaka a Magadalena anasiya kugulitsa. Akuti ku Lilongwe anthu ankatama Godfrey kuti ali ndi nzeru zoopsa, anaganiza bwanji zoti munthu azikangana ndi chitseko. Godfrey ankavomera kuti inde, zinamutengera nthawi.

Magawo ankabwera okha, osasowa kulemba. Lina linali la tsiku limene a Agnesi anabisa shuga m'chitini cha feteleza, bambo n'kudzuka kamodzi m'chaka kuti athandize ntchito, n'kukathira shugayo mu anyezi. Lina la pamene a Kalisto anakwera padenga la amayi kukakhoma lata, amayi n'kukhala pansi pa makwerero kusankha nyemba, ndiye munthu sakanatha kutsika popanda kuwadutsa pamaso. Anakhala padengapo mpaka dzuwa litapendeka, akutumiza mawu kudzera mwa ine kuti ali ndi ludzu. Amayi anati ndiwauze kuti mvula ibwera mu Novembala. Godfrey anangojambula. Bambo mfumu a parishi atatipeza panjira anati sewerolo n'labwino, koma tisamakokomeze kwambiri, palibe banja lachikhristu lotero. Tinati zikomo, bambo.

Amene anasintha kwambiri ndi amayi. Pamsewu, minibasi zinayamba kuima pamalo pawo penipeni. "Apongozi! Apongozi a pa TV!" Kachewere wawo ankatha anzawo asanagulitse ndowa yachiwiri. Anagula duku latsopano lonyezimira. Anayamba kudzola mafuta ngakhale popita kukhola la nkhumba, kuopa kuti wina angawazindikire.

Koma sabata ina anachita ngozi. Kamera ikujambula, anachoka pamalo kukathamangitsa nkhuku, ndiye Lamulungu pa TV panangooneka chigongono chawo ndi mawu. Amayi anzawo a pamsewu sanawasiye. "A Falesi, dzulo tinaona chigongono chanu. Chanenepa bwino." Amayi sanadye tsiku limenelo. Loweruka Godfrey anatapa phulusa kukhitchini n'kulemba mkombero pansi, pafupi ndi khomo.

"Mami, mukakhala m'kati mwa umu, Malawi yense akukuonani. Mukatuluka, mwasowa. Musachokemo mpaka nditanena kuti kati, ndiye kuti tasiya kujambula."

Kuyambira pamenepo amayi akalowa mu mkombero wa phulusa ankakhala ngati anawadzala. Tsiku lina linthumbu linadutsa pamapazi pawo, iwo osasuntha, akungomwetulira kamera misozi ikutsika.

Ine ndinaona kuti a Kalisto nawonso ankaziona zimenezi. Ankasuzumira pa mng'alu wa chitseko, kuyang'ana phulusa lija nthawi yaitali.

Nthawi inali ikutha. Mwezi wa Okutobala unafika, kumwamba kunayamba kugunda cha ku Mozambique, ndipo kunabwera uthenga woti Vinsenti wayamba kuyendera dimba lija m'mawa uliwonse, manja kumbuyo ngati mlangizi. A Kalisto anasiya kudya bwino. A Agnesi, amene amalongolola ngakhale ali m'tulo, anayamba kukhala chete, ndipo chete wa a Agnesi amaopsa.

Loweruka limenelo gawo linali la nsapato ya bambo imene inapezeka m'khola la nkhumba. Amayi analowa mu mkombero wawo, duku lonyezimira kumutu. A Kalisto anaima kuseri kwa chitseko atavala jekete ya kutchalitchi, dzuwa lonse lija. Ndinadabwa, koma sindinafunse. Godfrey anakweza dzanja, kamera inayamba.

"Mlamu," anatero a Kalisto, ndipo mawu awo sanali a sewero. "Uwauze amayi kuti za nsapato tikamba tsiku lina. Uwauze kuti ndawapangira chitseko, ndawafolerera nyumba, ndalima munda wawo kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Bambo anga anandisiyira dimba, ndipo mvula ikagwa ndili kuno, lapita. Ndikupempha nditenge mkazi wanga ndi ana anga tikakhale kwathu ku Mphunzi."

Amayi anayang'ana ndowa. Inali pomwepo pakhonde, kunja kwa phulusa. Anayang'ana Godfrey. Godfrey ankapukusa dzanja kuti pitirizani, pitirizani, maso ali gwa. Phazi la amayi linanyamuka, linafika pamwamba pa mzere, n'kubwerera.

Tsopano zinatsalira ine. Ndikanatha kunena kuti akuti kukutentha, monga mwa masiku onse. Koma ndinamva a Agnesi akupuma kumbuyo kwanga ngati munthu wokwera phiri. Ndinatembenuka n'kunena zonse, mawu ndi mawu, kuyambira pa chitseko mpaka pa Mphunzi, osachotsera ngakhale limodzi. Ufulu anadzuka kumbuyo, kudabwa kuti amayi ake ali ndi mawu ambiri chonchi.

Ngakhale bambo anachotsa chipewa kumaso.

Amayi sangathe kukhala chete kamera ikuwayang'ana. Anakonza duku, anaika manja m'chiuno, n'kukweza mawu kuti afike ku Lilongwe.

"Uwauze abambo a Bongani kuti atenge! Atenge mkazi wawo, atenge ana awo, atenge ndi njala yawo yomwe! Akuganiza kuti ndilira? Ine ndipuma!"

"Alamu," ndinatero msanga, "akuti tengani."

"Kati!" anakuwa Godfrey, akuwomba m'manja. "Mami, zimenezo ndiye zenizeni!"

Amayi anatuluka mu mkombero n'kundikoka khutu. "Iwe, zija ndi za sewero. Uwauze." Koma kuseri kwa chitseko kunalibe munthu woti ndimuuze. A Kalisto anali atapalasa kale njinga kupita kwa amalume, jekete ikuuluka.

Gawolo litaonetsedwa, pa golosale ya a Magadalena anthu anaseka pang'ono, kenako amayi ena anayamba kupukuta maso. Lolemba pamsewu zinthu zinavuta. Amayi ankafuna kufotokoza kuti zinali zongoyerekeza, koma aliyense ankawadula. Mayi wina wa ku Ntcheu anatsika minibasi n'kuwakumbatira. "Mwachita bwino, mayi, apongozi a mtima wotere asowa." Akatekisiti anawatchula pa mapemphero a mphakati ngati chitsanzo. Amalume anabwera atalimba mtima koyamba m'moyo wawo, n'kunena kuti, "Alongo, mawu anadutsa mwa Sungeni, ndipo dziko lonse ndi mboni." Amayi anapezeka kuti ndi munthu wa mtima wabwino, ndipo sanadziwe potulukira.

Ndiye Godfrey anabwera kudzatsazika. Anakhala pakhonde, anamwa thobwa, n'kunena mwachisoni kuti sewero latha, poti apongozi opanda mkamwini palibe angawaonere. Amayi anagwira duku lawo. Anafunsa ngati sangathe kukangana ndi bambo. Tonse tinayang'ana pansi pa mtengo wa mapichesi. Godfrey anapukusa mutu.

A Kalisto atamva kuti zatheka, mtima wawo unafewa. Anagula tambala wina, wanthete nthawi ino, kuti asiyane ndi apongozi awo akuyankhulana ngati anthu. Amayi anamuyang'ana tambalayo, anayang'ana Godfrey, ndipo ndinaona nzeru ikulowa m'mutu mwawo.

"Uwauze abambo a Bongani kuti tambala asunge. Mwambo suthamangiridwa. Uwauzenso kuti mwana wanga sangapite kumudzi kwa eni ine osakaona pogona pake. Ndimuperekeza."

Tsiku losamuka ngolo inanyamula bedi, mapoto, sowo, hamala, ana, ndi amayi pamwamba pa matumba atavala duku lonyezimira. A Kalisto anayenda kutsogolo kwa ng'ombe njira yonse osacheuka, poti akanacheuka akanayang'anizana nawo. Chitseko nachonso chinakwera. Godfrey anati oonera anachizolowera, china sangachilandire. Anachizula ndi a Kalisto eni ake, ndi manja omwe anachikhomera. Bambo anatsala m'nyumba yopanda chitseko. Ndinawapachikira chiguduli pakhomo, ndipo mpaka lero sanafunse kanthu.

Mvula yoyamba inawapeza a Kalisto ali m'dimba la bambo awo, khasu m'manja. Vinsenti amadutsa chapatali, manja akadali kumbuyo. Nyumba anamanga, yaudzu kaye, ndipo chitseko chija anachikhoma pamenepo. Amayi anati akhala sabata imodzi yokha. Ife a m'banja muno tikudziwa mmene sabata imodzi imatalikira.

Ine Loweruka lililonse ndimabereka Ufulu n'kuyenda wapansi kupita ku Mphunzi, chifukwa popanda ine anthu awiriwo sangauzane ngakhale kuti nyumba ikupsa. Sabata yatha ndinafika Godfrey asanabwere. Ndinapeza amayi ali m'nyumba, akhala pa mpando wa a Kalisto, akumwa tiyi m'kapu ya a Kalisto. Eni ake anali panja, matope mpaka m'mawondo, atayang'ana chitseko chawo. Koma nkhope inali yowala, ndipo m'dzanja anali ndi dothi lakuda akulifinyafinya.

"Mlamu, wafika bwino. Uwauze amayi kuti pano ndi pakhomo panga."

"Amayi, akuti pano ndi pakhomo pawo."

"Uwauze kuti ndamva. Atseke chitseko, kukulowa mphepo."

A Kalisto anatseka.